Nkhuni za M'khwawa

"Mvula zitatu zakwana. Madzi anga ali kuti?"

Mayi Thovu sanagogode, moni sanapereke. Analowa mu ofesi ya bungwe losamalira zachilengedwe ndowa ili m'manja, n'kuiguguda patebulo, pamwamba pa mapepala. Ndowayo inalira phokoso la chinthu chopanda kanthu. Munali fumbi basi, ndi buluzi wouma amene anatuluka nayo m'chitsime m'mawa womwewo.

Mlangizi anadzutsa mutu. Anali mayi wowonda, wa jombo zong'aluka kuchidendene, ndipo anthu onse a m'mbali mwa khwawa ankamutchula kuti Adikirani, chifukwa chilichonse ukamufunsa yankho lake linali lomwelo. Dzinali anamupatsa ndi Mayi Thovu omwewa.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Ndadzuka ndi buluzi. Suzumirani. Amenewa ndiye madzi munandilonjeza aja?"

Nkhani yake inali yotere. Mayi Thovu anali ochapa. Zaka makumi awiri akuchapa nsalu za pabedi ndi matawulo a nyumba ina yogona alendo m'tauni, ana awo anayi onse anakulira thovu la sopo. Nyumba yawo inali kumapeto kwa msewu, pomwe tala amathera. Kuseri kunali chitsime chimene anakumba malemu amuna awo, kenako munda wotsetsereka mpaka kukhwawa. Kale khwawalo linali mtsinje. Anthu atametera phiri mpala, mvula ikagwa madzi ankangothamanga tsiku limodzi ngati wakuba, ofiira, atasenza dothi la eni, mawa lake mchenga wokhawokha mbee. Chitsime chinayamba kuphwa chilimwe chili pakati, kenako chilimwe chikangoyamba, kenako chinauma osatsanzika.

Kuyambira pamenepo madzi ankakawatunga kumpopi wa kumsika, ulendo wa ola lathunthu, zigubu zinayi pa wilibala. Madzi otere sutsukuluzira kawiri. Nsalu zinayamba kutuwa, ndipo mwini nyumba ya alendo anawauza mosapsatira kuti zikapitiriza kununkha sopo agula makina ochapira.

Nthawi imeneyo m'pamene anabwera a bungwe. Anaitanitsa msonkhano m'kalasi ya pasukulu, akuluakulu atapanikizika pamabenchi a ana. Anati sanabwere kudzagawa mbande, anabwera kudzapempha kuti tchire libwerere mwakale. Aliyense wa m'mbali mwa khwawa apereke chigawo cha kumunsi, atchinge ndi waya, khasu lisalowe, mbuzi zisalowe, moto usalowe. Zitsa ziphukanso zokha, mbalame zibweretsa njere, nyama zitsatira. Wopereka malo alandira ming'oma ya njuchi. Alamu awo a Mayi Thovu, mng'ono wa malemu, amene moyo wawo wonse ankawotcha makala, analandira isanu n'kumaseka ngati awina mpikisano.

Mayi Thovu anaimirira.

"Njuchi zimachapa mabulangete? Ine kusukulu sindinapite patali, koma malonda ndimawadziwa. Ndikupatsani munda, inu mundipatse madzi. M'chitsime changa, osati papepala."

"Madzi si anga, amayi. Tsiku sindingalonjeze."

"Ndiye mundanso si wanu."

Anakokanakokana mpaka mlangizi anagonja: mvula zitatu, madzi akapanda kubwera adzatenge malo awo. Anagwirana chanza anthu akuona. Atangomva mawu amenewo Mayi Thovu anakutumula chitenje n'kutuluka msonkhano uli pakati. "Zotsalazo muwauze amene alibe zochapa." Misonkhano ina yonse sanapondeko. Pamenepa m'pamene panagona nkhani, koma tifikapo.

"Loweruka ndikuzula waya wanu," anatero Mayi Thovu tsopano, chala chili pandowa. "Lolemba khasu likulowa. Ndadikira, Adikirani, mpaka dzina lanu landikwana."

Mlangizi anayang'ana buluzi uja. Chigawo cha Mayi Thovu chinali pakhosi penipeni pa khwawa, pomwe limapanikizika. Waya akachoka pamenepo mbuzi zilowa mbali zonse, ndipo anansi amene ankanyinyirika kale atsatira mmodzimmodzi. Anatenga chipewa chake.

"Tiyeni tikayende kaye. Mukaona, mukazule."

"Ndasiya nsalu m'beseni."

"Theka la ola."

"Theka la ola lanu ndimalidziwa ine. Tsogolani."

Anayambira kumtunda, kumene Mayi Thovu anali asanafikeko chimangire waya. Anadzipeza akupatula udzu wofika m'chiuno. Zitsa zimene ankazidziwa ngati zokhalira ana a mbuzi zinali zitaphuka, nthambi kupitirira mutu wa munthu. Nkhwali inauluka pamapazi pawo, iwo n'kudumpha n'kuitukwana. Mlangizi anawaonetsa mapazi a gwape padothi, n'kutola munga wa nungu.

"Zaka khumi ndi zisanu nungu asanaoneke kuno."

"Chabwino, wafika. Mumuuze abwere ndi ndowa."

Anatsikira m'khwawa. Pamenepo Mayi Thovu anaima. Nthambi zouma zinali zitapingasa khwawa lonse, zopanikizidwa pakati pa zikhomo zosongola, zomangidwa ndi luzi. Kutsogolo kunali mulu wina wotero, kenako winanso. Kuseri kwa mulu uliwonse mchenga unali utadzaza mpaka pamwamba, bango litamera. Mlangizi anagwada, anakumba ndi dzanja mpaka m'chigongono, ndipo m'dzenjemo munayamba kunyezimira madzi.

"Izi ndiye ntchito yeniyeni," anatero. "Madzi akathamanga amagunda apa, amafooka, amakhala pansi. Akakhala pansi amalowa m'nthaka, ndipo nthaka ndi imene imawapititsa kuzitsime. Kumaiko ena kuli kanyama ka mano akuthwa kamene kamagwetsa mitengo n'kutseka mitsinje chonchi. Anthu anakasaka mpaka kutha, madambo n'kuuma, pano akukabwezeretsa. Kuno kulibe, ndiye ntchito yake timagwira ndife."

"Kamalandira zingati pamwezi?"

"Kamagwira ulere."

"Chitsiru," anatero Mayi Thovu, koma mawu anatuluka opanda mafuta. Maso awo anali pa zikhomo zija. Ankazidziwa. Ankadziwa ngakhale mmene zimayakira.

Anatsika mpaka pachigawo chawo. Pamenepo khwawa linali loyera ngati pabwalo la mayi wakhama: popanda kanthambi, popanda tsamba, maenje okhaokha m'mbali momwe munali zikhomo.

"Pano tamanga kasanu," anatero mlangizi. "Kasanu konse zasowa. Ndipo malo ake ndi ano amene akanamwetsa chitsime chanu. Sindinafune kukuuzani poti ndi m'bale wanu, koma anthu akuloza alamu anu. Wamakala sadutsa nkhuni zouma. Komiti ya bungwe yati Lachisanu akawalande ming'oma."

Mayi Thovu anayang'ana maenje a zikhomo aja. Zaka zitatu zonsezi, anyamata a bungwe akamaliza kusadza zitsa, iwo ankapeza zinyalala zitaunjikidwa m'khwawa lawo. Ankatukwana ulesi wa anthu olipidwa, n'kuzula, n'kumanga mitolo, n'kukatenthetsera madzi a matawulo. Kumapeto ankasesa ndithu ndi tsache. Munthu wochapa saona uve n'kuudutsa. Ankanyadira kuti mwa makwawa onse lawo ndiye losamalika.

"Ndamva," anatero. Anatenga ndowa yawo n'kukwera mtunda osacheuka.

Kunyumba anapeza mwana wawo wachisamba ali m'chipinda chositira, chitseko chili pululu chifukwa cha kutentha. Simbi yamakala inali m'dzanja, nsalu zopinda zitaunjikana pampando, zina zili pachingwe panja zikuuma motuwa.

"Madzi aja akupatsani?" anafunsa mwanayo osadzutsa mutu.

Mayi ake anangomudutsa. Anazungulira kuseri, n'kuima pa mulu wa nkhuni pafupi ndi mphika waukulu wotenthetsera madzi. Zikhomo zinali pamwamba penipeni, khumi ndi ziwiri, zina luzi likadali lende.

Mwana uja anawatsatira. Anawayang'ana, anayang'ana nkhuni. Mayi Thovu anafotokoza mwachidule, ngati munthu wolavula mankhwala owawa. Mwanayo anagwira khoma, anaseka mpaka misozi.

"Amayi inu! Chaka chatha ndinakufunsani, ndi mtengo wanji umagwa wosongola kale? Munati nditseke pakamwa ndizisita."

"Panonso tseka."

"Ndiye mwakhala mukuwiritsa chitsime chanu chomwe."

"Iwe, ndinakubereka ndine."

Anatola chikhomo chimodzi n'kuchiponya pamoto. Lero zonse zikapsa, ndani angadziwe? Phulusa silinena mtengo wake.

Kuseka kwa mwana kunatha. "Nanga bambo aang'ono? Awalande njuchi?"

"Amene uja ali ndi milandu yake yosaweruzidwa yodzaza dengu. Umodzi wowonjezera sungamuthyole msana."

"Chiyambire uchi sanawotchepo uvuni ngakhale umodzi. Mukudziwa inu. Akawalanda abwerera kuphiri ndi nkhwangwa." Anapukuta manja pachitenje. "Paja mumatiuza kuti mlandu suwola. Kapena umawola ukakhala wanu?"

Anabwerera kukasita. Mayi Thovu anatsala akuyang'ana moto ukunyambita nsonga ya chikhomo chija. Anatukwana pang'onopang'ono, kenako anachisolola, anachizimitsa m'dothi, n'kukatenga wilibala.

M'mawa mwake anthu a mumsewu anaona Mayi Thovu akukankha wilibala, koma m'malo mwa zigubu munali nkhuni, ndipo ankalowera kolakwika. Wogulitsa tomato pakona anafuula kuti kodi asintha bizinesi, iwo anamuuza kuti ayang'ane tomato wake akuwola. Atafika pa ofesi anamva mawu a alamu awo ali m'kati, akulumbira pa manda a makolo onse kuti nkhuni za m'khwawa sanazigwirepo.

Anakhuthula wilibala pakhomo penipeni. Phokoso lake linatulutsa onse awiri.

"Wakuba wanu ndi uyu," anatero Mayi Thovu, akudzimenya pachifuwa. "Kasanu konse. Ndinkayesa zinyalala. Zina zinapsa, zotsala ndi izi. Munthuyu musiyeni ndi njuchi zake."

Kenako alamu anapendeketsa mutu, dzanja kukhutu.

"Alamu, mubwerezenso. Khutu ili linalumidwa ndi njuchi, silimva bwino."

"Linalo likumva. Likuuzani pobwerera."

"Ayi, zaka makumi atatu ndikudikira tsiku limeneli. Amayi alangizi, lembani deti."

Mlangizi anakhala pansi pa sitepe, chipewa kumaso, mapewa akugwedezeka. Mayi Thovu sanadziwe ngati akuseka kapena akulira, ndipo zonse ziwiri zinawakwiyitsa. Atachotsa chipewa, maso anali onyowa.

"Mlanduwu ndi wanganso, amayi. Zaka zitatu ndimadutsa pakhomo panu, osalowa kudzakufotokozerani. Ndinkaopa pakamwa panu."

"Pakamwa sipaluma."

"Pamaluma," anatero alamu. "Funsani ine."

"Ndiye titani?" anafunsa mlangizi. "Pangano lathu latha dzulo. Waya ndi wanu kuzula. Koma mutandipatsa mvula zina zitatu..."

"Imodzi."

"Ziwiri."

"Imodzi. Koma pachigawo changa ndimanga ndekha. Anthu anu amakhoma zikhomo ngati akupepesa nthaka. Ndinkazula ndi dzanja limodzi, linalo litagwira chitenje. Mundionetse kamodzi kamangidwe kake, kamodzi kokha, osati msonkhano." Anatembenukira kwa alamu. "Inu mundisongolera zikhomo. Nkhwangwa yanu yagona kokwanira."

"Ine? Wonamiziridwa ndine, wogwira ntchito ndinenso? Nanga kupepesa kuli kuti?"

"Chovala chanu cha njuchi chija chimanunkha ngati mbuzi yakufa. Mubwere nacho ndichape. Kupepesa kwake n'komweko."

Chaka chimenecho chinali chowawa, tisanamizane. Mwini nyumba ya alendo anagula makina aja ndithu. Mayi Thovu anapita kukakhala mu ofesi mwake kuyambira m'mawa mpaka masana, osadzuka, mpaka anawasiyira matawulo ndi mabulangete, amene makina ankawalephera. Ntchito inatsala theka, wilibala ya kumpopi inali yomweyo. Madzi otentha anayamba kuwasunga ngati mankhwala, poti nkhuni za ulere zinatha.

Koma m'khwawa anamanga. Mlangizi ananena milu inayi, iwo anamanga isanu ndi iwiri. Zikhomo ankakhoma ndi nyundo ya malemu mpaka alamu anadandaula kuti adzaboola dziko. Nthambi ankaziluka mothina ngati akufinya bulangete. Akamaliza, dzanja linkayabwa kufuna tsache, masamba ali mbwee paliponse, ndipo ankachoka msangamsanga asanachimwe. Mwana wawo anabisa tsachelo kuseri kwa kabati.

Mvula yoyamba yamphamvu inagwa masana. Mayi Thovu anaanula zovala, anaponyera mwana, n'kuthamangira kumunsi beseni lili kumutu. Anamva madzi akubwera asanawaone. Anafika ofiira, aukali monga mwa masiku onse, anagunda mulu woyamba, anadumpha, anagunda wachiwiri, wachitatu. Pofika wachisanu anali akuyenda ngati munthu wokhuta. Kuseri kwa mulu uliwonse anakhala pansi n'kuyamba kuzungulira pang'onopang'ono.

"Khalani pomwepo," anawauza. "Mukuthamangira kuti? Kwanu n'kuno."

Dzinja lisanathe achule anabwera, ochuluka moti munthu wobweretsa zochapa ankachita kufuula. Akakowa anatera m'bango. Tsiku lina m'mawa anaona kanyama kosalala, ka mchira wonenepa, kakutsetsereka pamatope n'kumira. Alamu anati ndi katumbu, ndipo anamuona komaliza ali mnyamata. Mayi Thovu anati kaya ndi ndani bola asagwire zikhomo zawo. Koma kuyambira tsikulo mwini mbuzi aliyense woyandikira waya ankamva dzina lake ndi la agogo ake kuchokera kuchingwe choyanikira.

Mvula itatha, mwana wawo anaponya mwala m'chitsime. Unalira kuti chubwi.

"Amayi! Tikawauze Adikirani!"

"Usapite. Madzi a dzinja ndi mlendo, amagona masiku awiri n'kutsanzika. Ndigula katundu nditamuona pa dzuwa."

Anadikira, iwo amene kudikira ankadana nako ngati dothi la pakolala. M'mawa uliwonse ankatsitsa chingwe chokhala ndi mfundo, n'kuwerenga zonyowa. Udzu unauma, mphepo ya fumbi inabwera, masamba anayoyoka. Mfundo zonyowa zinatsika kuchoka pa zisanu kufika pa zitatu. Mayi Thovu anasiya kulankhula ndi anthu. Kenako zinaima pa zitatu. Sabata, masabata awiri, mwezi. Dzuwa linafika poswa mtengo, mpopi wa kumsika unayamba kutuluka modontha, anthu ali pamzere mpaka kumsewu, koma mfundo zinali zitatu zomwezo.

Tsiku limenelo anatsukuluza matawulo katatu. Anawayanika, anaima patali n'kumawayang'ana akuwala mpaka maso kuwawa. Kenako anatsitsanso ndowa, anaisenza, n'kuuyamba wa ku ofesi, akuyenda mosamala ngati wanyamula mazira.

Ulendo uno anagogoda. Mlangizi anadabwa mpaka anaimirira. Mayi Thovu anasuntha okha mapepala, anatula ndowa patebulo pang'onopang'ono, dontho osatayika. Madzi anali oyera, pansi pa ndowa pakuoneka, ndipo m'mbali munali kachule kakang'ono katatambasula miyendo.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Ndadzuka. Imwani."

"Muli chule."

"Ndiye umboni wake. Chule salowa m'madzi oipa. Imwani, musandichedwetse."

Mlangizi anatunga ndi kapu yake ya tiyi, anamwa, anatseka maso. Anafuna kulankhula, koma Mayi Thovu anakweza dzanja.

"Ngongole yatha. Mwabweza zonse. Waya akhale, ndipo chigawo cha kumtunda kwa chitsime chija, chimene chimangobala miyala, mubwere mudzatchingenso. Koma osati ulere. Mundipezere zikhomo makumi atatu, zosongola kale."

"Makumi awiri."

"Mwaphunzira liti zimenezi? Makumi awiri ndi zisanu." Maso awo anagwera pa jekete la mlangizi lopachikidwa pamsomali, lofiira ndi dothi la zaka zinayi. Analichotsa n'kulipinda pamkono. "Ili ndatenga. Munthu wondibwezera madzi sangamayende ngati wafukulidwa. Mudzalitenge Lachitatu, ndipo mulowe m'nyumba, osati kudutsa pamsewu ngati mwaba."

Anafika pakhomo, anaima, nkhope ili kunja. Anakhosomola kawiri.

"Zikomo, mwanawe," anatero, ngati akuuza chitseko. "Ndowayo mubweze lero, ndili nayo ntchito. Chuleyo mukamutule kukhwawa. Ndi wantchito mnzathu."